Tsamba Limene Bambo Ankaloza

4 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kutali mulikoko. Ife kuno tilipo, kungoti "tilipo" wa masiku ano ndi wongoyankhira moni.

Bambo anatuluka m'chipatala Lachiwiri. Musasangalale msanga. Sanawatulutse chifukwa achira ayi, bedi linkafunika kwa wina. Sitiroko ija yapha mbali yonse ya kumanja: mkono, mwendo, ngakhale tsaya lagwa. Mawu kulibe. Akafuna kulankhula chimangotuluka ndi kubuula, malovu n'kumatsikira pachibwano. Ndinayesa kuwagwiritsa pensulo kumanzere, koma amangojambula zokhotakhota. Mutu nawo umanjenjemera wokha, moti ukawafunsa kanthu sudziwa ngati akuvomera kapena akukana. Koma m'maso mwawo munthu alimo, Achemwali. Akumva zonse.

Ndawasamutsira m'chipinda cha kuseri kwa shopu kuti ndikamakhoma nsapato ndizimva akabuula. Chitseko ndimachisiya chotsegula. Makasitomala akasuzumira amayamba kulankhula monong'ona ngati maliro achitika kale. Mmodzi anandifunsa ngati ndizithabe kusoka ngati iwo. Ndinamuuza kuti nsapato zimene wavalazo ndinasoka ndine chaka chatha, anangoziyang'ana mokayika.

Tsopano imvani izi. Atangofika anayamba kuloza pashelefu mpaka ndinawatsitsira Baibulo lawo lija, lomwe analisokera chikuto cha chikopa. Anavutika ndi dzanja lamanzere kutembenuza masamba, kenako chala chinaima pamene munthu wina akupempha madzi kwa mayi pachitsime. Ine ndinkayesa akufuna ulaliki. Ndinawerenga mokweza mpaka m'munsi mwa tsamba, iwo maso ali pajagi. Ludzu! Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene tikulankhulirana. Akafuna kutuluka panja amatsegula pa wodwala uja anzake anamunyamula pamphasa. Bukulo akulidziwa kuposa mmene ine ndimadziwira bokosi langa la misomali.

Vuto ndi ine. Mukukumbukira kuwerenga kwa m'mawa uliwonse tisanatsegule shopu? Inu munkayankha mafunso onse, ine ndikuwodzera kumapeto kwa benchi. Lero ndikulipira tulo timeneto.

Dzulo anatsegula pa mfumu ina yokalamba imene ankaifunditsa zofunda zambirimbiri, mpaka anthu ake anakaifunira namwali. Ndinatseka bukulo ndi manyazi. Munthu sangathe kugwira supuni, Mayi atha zaka zisanu ndi chimodzi zokha m'manda, ndiye ine namwali ndikamutenga kuti? Ndithandizeni nzeru.

Mukapeza wobwera kuno munditumizire pulasitiki yoyala pabedi, ya kuno imang'ambika msanga. Ndipo mundiuze zoona, mubwera liti?

Ndine mlongo wanu,
Mzime

27 Malichi

Mzime wanga,

Kalata yako yatha masabata atatu panjira. Ndinaiwerengera m'chipinda chochapira, poti m'nyumba ya okalamba ino ndi malo okhawo pomwe munthu angalire osafunsidwa. Ndinalira ndithu. Koma nditafika pa namwali ndinaseka mpaka mnzanga anabwera kudzaona ngati ndapenga.

Mbuli iwe! Bambo sakufuna mkazi, akumva kuzizira. Mfumu ijayo ankaifunditsa koma siinkafundidwa, nkhani yagona pamenepo. Chipinda cha kuseriko dzuwa sililowa, ndipo mbali yakufayo imazizira msanga. Uwaveke masokosi, uwonjezere bulangeti. Akatsegula tsamba usamathamangire kumapeto a nkhani. Uziyang'ana pamene chala chili.

Zinazi ndi za ntchito yanga, uzimvere. Uziwatembenuza maola awiri aliwonse, usachite ulesi. Uziyang'ana zidendene ndi m'munsi mwa msana, ukaona pafiira kapena pachita kuda usawagonekerenso pomwepo. Powadyetsa akhale tsonga, supuni yaing'ono, ndipo udikire ameze usanapatse ina. Ukamawasambitsa uziwauza chimene ukuchita. Anthu amaganiza kuti wosalankhula alibe manyazi, pomwe ndiye amene ali nawo ambiri.

Kuno ndimasamalira okalamba khumi ndi awiri. Ndimadziwa amene amafuna tiyi wopanda shuga, amene amaopa madzi, amene amabisa mapiritsi pansi pa lilime. Ndimadyetsa makolo a eni ndi manja awiri, anga akudyetsedwa ndi munthu amene ankapsereza ngakhale madzi. Zimandiwawa, Mzime, usaganize kuti sizindiwawa.

Za kubwera, mapepala anga akuti ndikatuluka chaka chisanathe sindilowanso. Ndiye ndi Disembala. Pulasitiki ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene akubwera mwezi wamawa.

Undilembere chilichonse chimene atsegule. Uwapatse moni Bambo, uwauze kuti za namwali ndamva.

Chemwali wako

19 Epulo

Achemwali,

Moni. Pulasitiki yafika, masokosi akuvala, ndipo mfumu yokalamba ija sanaitsegulenso. Munalondola. Koma kalata ino si yoseka.

Kwa masabata awiri Bambo akhala akutsegula malo amodzi okhaokha. Madzi sapemphanso, panja sapemphanso. Ndikangowaikira buku chala chimapita koyambirira kwenikweni, pa nkhani ya mapasa. Inu mukuidziwa. Wamng'ono anavala zovala za mkulu wake, ananamiza bambo awo osaona, n'kutenga madalitso amene sanali ake. Amagogoda tsambalo mpaka lang'ambika pakona, kenako amandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe.

Ndine mbuli monga munanenera, koma izi zokha ndazimva. Wamng'ono m'nyumba muno ndani? Amene wagwira makiyi a shopu ndani? Inde, benchi yawo ndinaisuntha kuipititsa pazenera. Inde, ndinabweretsa makina osokera amagetsi amene iwo ankawakana zaka zonsezi. Kodi kumeneko n'kuba? Inu woyamba kubadwa munachoka nokha, sindinakuthamangitseni ine.

Ndimadzuka m'bandakucha kuwasintha zogonera. Ndimachapa mabulangeti a mkodzo ndi manja omwewa, asanaume ndagwira kale guluu. Mtsikana uja ndinkakuuzani kuti ndikumufunsira anasiya kubwera. Anati akudwala chimfine, chimfine chake chatha mwezi ndi theka. Sindimudandaula, nyumbayi ikununkhadi. Koma pa zonsezi mphotho yanga ikhale chala chondiloza kuti ndine wakuba?

Lachisanu ndinawafunsa maso ndi maso. Ndinati, "Bambo, mukunena ine?" Mutu unangonjenjemera monga mwa masiku onse. Ndinapsa mtima. Ndinalanda Baibulo n'kuliika pamwamba pa kabati, ndipo lili pomwepo mpaka lero. Amaliyang'ana tsiku lonse khosi litapendekeka. Phala akukana, amaluma mano supuni ikafika.

Ndikudziwa mundikalipira. Kalipani, koma mudzakalipire kuno, mutagwira mbali ina ya bulangeti.

Mzime

14 Meyi

Mzime,

Ndang'amba makalata atatu ndisanalembe inoyi, chifukwa mawu anali mmenemo si olembera mwana wa mayi ako. Moni sindikupatsa mpaka utsitse buku limenelo. Ukuganiza kuti waika chiyani pamwamba pa kabati? Ndi lilime la Bambo limenelo. Matenda awalanda pakamwa, iwe wawalanda kamene kanatsala. Ndipo kalatayi ikufika patatha masabata enanso atatu!

Za shopu usandiuze n'komwe. Sindinaifunepo, fungo la guluu linkandipweteka mutu kuyambira ndili mwana, ndipo Bambo akudziwa. Makina ako amagetsiwo soka nawo mpaka utatopa.

Ukanawerenga kutsogolo ukanaona kuti nkhaniyo si yako. Wamng'ono uja anathawira kudziko lakutali. Anakagwira ntchito kwa munthu wina zaka makumi awiri, akumusinthira mawu chaka ndi chaka, ndipo mayi ake amene ankamukonda sanawaonenso ndi maso. Ameneyo ndani? Ndine, Mzime. Tsiku limene Mayi ankamwalira ine ndinali kuno ndikumeta zikhadabo za mayi a munthu wina. Ndinafika nkhata zamaluwa zitauma pamanda. Bambo sananenepo kanthu nthawi imeneyo, anangondilandira chikwama. Akunena tsopano. Akundiitana.

Ndinapita kwa abwana. Anandimvera chisoni kwambiri, anandikhazika pampando wofewa, anandipatsa tiyi, kenako anatulutsa pepala limene ndinasaina. Ndikachoka pano sindibwereranso, ndipo iwe ukudziwa kumene mankhwala a Bambo amachokera. Ndinatuluka ndikuthokoza, ngati wandichitira zabwino.

Uwauze kuti ndamva. Uwauze kuti Disembala, tsiku loyamba lenileni. Powauza uwagwire dzanja lamoyolo.

Ndakupsera mtima, koma sindinaiwale kuti mabulangeti ukuchapa ndiwe.

Chemwali wako

6 Juni

Achemwali,

Moni wanu mukhoza kundipatsa. Baibulo ndinalitsitsa kalata yanu isanafike, linakhala pamwambapo masiku khumi ndi limodzi. Sindinalitsitse chifukwa cha nzeru. Ndinali kutsogolo ndikuyesa kasitomala phazi, ndinangomva chinthu kugwa. Anayesa kudzuka okha kuti akalitenge. Ndinawapeza pasimenti, chipumi chitatupa, dzanja likadali lotambasula kuloza kabati. Chimenecho sindidzadzikhululukira.

Kalata yanu ndinawawerengera, ndinangodumpha pamene munkanditukwana. Nditafika pa Disembala anatseka maso nthawi yaitali. Atatsegula anabwereranso pa mapasa omwewo, koma kutsogolo pang'ono, pamene wamng'ono akubwerera kwawo n'kugwada kasanu ndi kawiri pamaso pa mkulu wake. Ndinati basi, Achemwali alondolanso, nkhani ndi yobwerera.

Koma pali china chatsopano. Akaloza tsambalo amadziguguda pachifuwa ndi nkhonya. Kuloza, kudziguguda, kuloza, kudziguguda, mpaka mpweya kuwathera. Ndinachita mantha kuti ndi mtima. Ndinapempha galimoto ya wophika buledi wa pakona paja n'kuthamangira nawo kuchipatala. Tinakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anamvetsera pachifuwa, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti chatsopano palibe, thupi langotopa. Potuluka anandikokera pambali nati, "Muziwapatsa chimene akufuna." Ndinatsala pang'ono kuseka. Chimene akufunacho n'chiyani?

Aonda, Achemwali. Ndimawanyamula ndi manja awiri osapuma n'komwe. Chilonda chayamba m'munsi mwa msana ngakhale ndimawatembenuza monga munanenera. Sindikufuna kukuopsezani, koma Disembala ili kutali.

Mzime

24 Juni

Mzime,

Ukangomaliza kuwerenga kalatayi utseke shopu. Ndaitumiza pa zachangu.

Tonse awiri ndife zitsiru, ndipo ine ndiye chachikulu, chifukwa ine sindinkawodzera. Nditawerenga za pachifuwa ndinatenga Baibulo langa pa nthawi yopuma masana, n'kuwerenga nkhani ya mapasa yonse kuyambira poyamba. Ndili mkati ndinamva mawu a Bambo m'khutu ngati ali pambali panga.

Tikamaliza kuwerenga m'mawa anali ndi funso limodzi lokha: "Iwe ndiwe ndani m'nkhani imeneyi?" Ine ndinkathamangira kusankha wabwino. Tsiku lina tinawerenga za mkazi wansanje, ine n'kunena kuti ameneyo ndi mayi a nyumba yoyandikana nafe. Anandikoka khutu mpaka ndinaima ndi zala. Anati, "Buku ili si legeni yolasira anzako. Ukapeza woipa m'nkhani, yamba wamuyesa paphazi pako, uone ngati sakukwana." Ndipo iwo eni, zaka zonse zija, sanasankhepo wabwino ngakhale kamodzi. Wokana mbuye wake pamoto, ankati ndi iwo. Wolambalala munthu wovulala pamsewu, ankati ndi iwo. Ine ndinkayesa ndi kudzichepetsa kwa anthu opemphera.

Ndiye munthu wotero angayambe lero kuloza ana ake? Pachifuwa sipakuwawa, Mzime. Akunena kuti "ndine". Wamng'ono wonyenga uja ndi iwo. Bambo ndi wamng'ono kwawo, ndipo ali ndi mkulu wawo wamoyo.

Iwe mwina sukuwadziwa n'komwe nkhope. Bambo Aakulu amakhala kutsidya kwa njanji, kuseri kwa malo ochekera matabwa. Tili ana tinkauzidwa kuti tikawaona tizisintha njira. Mayi ankangoti ndi munthu wabodza, ukafunsa zambiri akutuma kukatunga madzi. Pamaliro a Mayi ndinamva kuti sanabwere. Sindikudziwa chimene Bambo anawalakwira, koma chilipo, ndipo sakufuna kupita nacho.

Upite ukawapemphe abwere. Ukalankhule mwaulemu, ukavule chipewa chako chonyansacho. Tataya miyezi itatu tikulimbirana mlandu wa eni, wina kuti ndi wanga, wina kuti ndi wanga, mwini wake akudzimenya pamaso pathu.

Chemwali wako

13 Julayi

Achemwali,

Ndinapita tsiku lomwelo. Ndisananyamuke ndinagwada pabedi n'kunena mawu awiri okha: "Bambo Aakulu?" Anandifinya dzanja ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ikadalipo, n'kulira mokweza ngati mwana. Munalondola. Bwenzi musanalondole.

Kwawoko ndi kanyumba ka chipinda chimodzi, utuchi uli ponseponse mpaka pabedi. Bambo Aakulu saona. Shuga anawapha maso zaka zitatu zapitazo, ndipo mayi wina woyandikana nawo ndiye amawaphikira. Nkhope ndi ya Bambo yeniyeni isanapindike. Ndisanadzitchule anati, "Ndakudziwa pa moni. Mawu akowo ndi a mayi ako."

Ndinanena chimene ndadzera. Anati, "Iweyo ukudziwa chimene akufuna kupepesa?" Ndinati ayi. Anati ndikhale pandowa, mpando ndi umodzi. Ndikulemba mmene ananenera.

"Mayi ako anali wanga. Tinali titapangana ukwati. Ndinapita kutali kukagwira ntchito yomanga mlatho, zaka ziwiri. Makolo ake anali ovuta, ndiye makalata ndinkatumiza kushopu, kwa mng'ono wanga, kuti azikamupatsa pamanja. Mwezi ndi mwezi ndinkalemba. Sanapereke ngakhale imodzi. Anamuuza kuti ndakwatira komweko. Pobwera ndinapeza chemwali wako ali kumsana."

Ndinafunsa chifukwa chake sanawauze Mayi. Anaseka, kuseka kosakoma.

"Ndiuze mkazi wa mwana kumsana kuti mwamuna wake ndi wakuba? Apite kuti? Ndinati mwini wake anena. Si munthu wa Baibulo? Ndinati chaka chino anena, chaka chamawa anena. Mayi ako akandiona pamsika ankatembenuka n'kulavula. Ndinadikira mpaka ndinamva kuti amuika m'manda. Anafa akundiyesa wabodza."

Sanakwatirepo, Achemwali. Nditapemphanso kuti abwere anati, "Kamuuze kuti maso ndilibe, njira ya kwawo sindingaione."

Pobwerera ndinayesa nthawi. Kuchokera pakhomo pawo kufika pashopu ndi theka la ola, woyenda pang'onopang'ono. Zaka makumi anayi Bambo akuwerenga m'mawa uliwonse, akudziika pamalo a woipa aliyense m'bukumo, koma njanji yokha osawoloka. Ndiuzeni inu wodziwa malemba, kuwerenga konseko kunawathandiza chiyani? Ndinawasambitsa madzulo amenewo ndikunyansidwa nawo, ndipo ndinadzida chifukwa chonyansidwa.

Nditalowa m'chipinda mwawo pobwerera paja, Bambo anayang'ana kumbuyo kwanga, kuchitseko. Ndinati sindinawapeze, achokapo. Ndinanama. Tsopano amangomeza timadzi, ndipo munthu aliyense akagogoda kutsogolo amadzutsa mutu. Ndiwauze chiyani? Yankhani msanga.

Mzime

29 Julayi

Mzime,

Ndawerenga kawiri, kachitatu ndalephera. Mwana anali kumsana uja ndine. Sindikudziwa kuti ndilire ndani, Mayi, munthu wosaonayo, kapena Bambo. Funso lako lija sindingaliyankhe.

Uwanamize. Uwauze kuti mkulu wawo wawakhululukira, kungoti miyendo ndiyo yamukanika. Kuno timachita zimenezi sabata ndi sabata. Timauza okalamba kuti ana awo akubwera mawa, ndipo amagona bwino. Apite mtima uli m'malo. Tchimo lake likhale pa ine, ndidzayankha ndine.

Uwapsompsone pachipumi m'malo mwanga. Ndikudziwa tsopano kuti Disembala sindiwapeza.

Chemwali wako

16 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Uthenga wa lamya munaulandira, ndiye sindibwereza. Tinawaika Lachinayi pafupi ndi Mayi. Kalata yanu inafika Loweruka. Ndikuthokoza kuti inachedwa, chifukwa ndikanakumverani.

Nditatopa kudikira yankho lanu ndinatenga buku ndekha. Kunagwa mvula yachilendo m'nyengo ino, makasitomala kulibe. Ndinakhala pabenchi n'kuwerenga nkhani ya mapasa katatu, chala chili pamzere ngati mwana wa sukulu. Kachitatu ndinaona chimene tinaphonya tonse. Wamng'ono uja anatumizadi amithenga, koma amithenga sanathetse kanthu. Pamapeto anatsogola yekha, akutsimphina, n'kukagwada. Ife tinkafuna wolakwiridwa ayende ulendo wa wolakwa.

Ndinalowa kuchipinda n'kunena zoona. Ndinati, "Bambo, ndinanama. Ndinawapeza, andiuza zonse, ndipo akana kubwera. Mukufuna tipite ife?" Anayamba kukoka bulangeti kulichotsa pamiyendo.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga ya olumala kutchalitchi. Ndinawaveka jekete lawo lakuda, linkangolendewera m'mapewa. Mumsewu munali matope, mawilo ankakanirira, anthu ankaima kutiyang'ana. Panjanji njinga sikanadutsa, ndiye ndinawabereka kumsana, kuwakhazika pamulu wa matabwa, n'kubwerera kukatenga njinga. Ulendo wa theka la ola unatitengera maola awiri.

Tinawapeza Bambo Aakulu atakhala pakhomo akuwotha dzuwa. Atamva mawilo anati, "Ndani?" Ndinati, "Ndine, Bambo. Ndabwera nawo." Nkhope yawo inauma.

Bambo anayamba kudzikoka kuti atsike. Ndinayesa kuwaletsa, anandikankha ndi chigongono. Ndinawatsitsa mpaka maondo anafika pautuchi, ine nditawagwira m'khwapa kuti asagwe chafufumimba. Anatsegula pakamwa, chinatuluka ndi kubuula kuja basi. Wina saona kuti mnzake wagwada, wina sangathe kunena chimene wagwadira. Ndinazindikira kuti ngati sindilankhula ine, tabwera pachabe.

Ndinati, "Bambo Aakulu, mng'ono wanu wagwada pamaso panu. Akuti makalata anu anabisa ndi iye. Akuti ananama kuti munakwatira. Akuti mkazi wake anafa akukuyesani wabodza, pomwe wabodza anali iye." Mawu aliwonse amene ndinkanena, Bambo ankandifinya mkono. Sindinachepetse kanthu, ndipo sanafune kuti ndichepetse.

M'buku muja mkulu anathamanga, n'kumukumbatira mng'ono wake, onse n'kulira. Ndinadikira zimenezo. Makina ochekera matabwa ankalira kuseri. Kenako Bambo Aakulu anati, "Zaka makumi anayi anali ndi pakamwa. Wadikira pafe kaye."

Ndinali pafupi kuwanyamula Bambo kuti tizipita pamene ndinamva, "Musendeze kuno." Ndinawasendeza. Bambo Aakulu anatambasula manja n'kuyamba kupapasa: mutu, makutu, tsaya lakugwa lija, milomo yokhota. Zala zawo zinafika pa malovu. Anakoka mkono wa malaya awo n'kupukuta chibwano cha Bambo, pang'onopang'ono, mpaka pauma.

"Ndiwe uyu?" anatero. "Wakalamba moipa bwanji."

Bambo anagwira malaya awo ndi dzanja lamoyolo osasiya.

Bambo Aakulu anati, "Usamve zimene sindinanene. Sindinati ndakukhululukira. Ndangoti ndamva." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi ako ankaseka m'nyumba mwanu?" Ndinati ankaseka, kwambiri. Anagwedeza mutu nati, "Mudzutse, pansi pakuzizira."

Anakhala moyandikana pakhomopo mpaka mthunzi unawafika. Pochoka ndinachita kumasula zala za Bambo chimodzichimodzi.

Bambo anakhala moyo masiku anayi. Ndinkawaikira buku pachifuwa m'mawa uliwonse, koma sanalitsegulenso. Sindikudziwa ngati anapita ndi mtendere, Achemwali, sindikufuna kukunamizani. Ndikudziwa kuti anasiya kudzimenya. Funso lija ndinakufunsani ndili wokwiya, mwina yankho lake ndi laling'ono kuposa mmene ndinkafunira. Kuwerenga sikunawafulumizitse, koma sikunawalolenso kuiwala, ndipo pakamwa patafa kunawasiyira njira yonenera.

Pamaliro Bambo Aakulu sanabwere. Dzulo ndinawoloka njanji kukawauza mmene tinayendera. Ndinawapeza mkati, atakhala pabedi, chakudya cha mayi woyandikana uja chili pansi chosakhudzidwa. Ndinafotokoza zonse, za bokosi, za nyimbo, za anthu amene anabwera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatembenuzira nkhope kukhoma nati, "Nanga ine tsopano ndizidzuka kukwiyira ndani?"

Ndinatola mbale ija pansi, ndinakhala pambali pawo, n'kuyamba kuwadyetsa.

Ndine mlongo wanu,
Mzime